Ana anga akulephera pick and roll, ndiyambire pati?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu, ndipo madzulo ndimaphunzitsa basketball anyamata ndi atsikana a zaka 11 mpaka 14. Anawa amaonera NBA, ligi ya basketball ya ku America, pa mafoni a azichimwene awo, ndiye akulimbikira kuti tizisewera pick and roll, kaseweredwe kamene wosewera mmodzi amaima n'kutsekereza womaka wa mnzake amene ali ndi mpira (kuika sikirini), kenako n'kuthamangira ku ringi kukalandira mpirawo. Tayesa mwezi wathunthu koma palibe chikuyenda. Woika sikirini amangoimbidwa faulo, wa mpira amanyamuka mnzake asanafike, ndipo onse asanu amaunjikana malo amodzi ngati nkhuku pa madeya. Kodi ndawayambitsa msanga? Ndiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo chifukwa chotsalira ndi ana pa bwalo anzanu ataweruka. Mavuto atatu mwatchulawa ndimakumana nawo chaka ndi chaka mwa ana amene ndimaphunzitsa mu Mzuzu muno, ndipo onse amaphuka pa tsinde limodzi. Ana amatenga pick and roll ngati gule woloweza: uyu abwere aime apa, uyo adutse apo, mpira ulowe. Pa foni amaona mathero okha. Saona maso a wosewera amene ali ndi mpira, omwe sachoka pa omaka. Ntchito ya sikirini ndi kupanikiza omaka awiri kuti asankhe chochita mwaphuma, ndipo chilichonse chimene angasankhe chimasiya khomo lina lotsegula. Mwana akadziwa kudikira ndi kuliona khomolo, ndiye kuti pick and roll waigwira, ngakhale mapazi ake akhale asanazolowere.

Pa za msinkhu, ine sindiyamba ndi kuwerenga zaka. Ndimamuuza mwana kuti adiribule ndi dzanja lamanzere kuchokera kumapeto kwa bwalo mpaka pakati, ine nditaima kutsogolo kwake ndikukweza zala, iye azitchula kuti ndakweza zingati. Akamalephera kutchula chifukwa maso ali pa mpira, sikirini simuthandiza kanthu, pakuti adzadutsa pa mnzake atazolika mutu ndipo sadzaona kuti womaka wapita kuti. Ana anu ambiri a zaka 11 ndi 12 mudzapeza kuti ali pamenepa. Amenewo apitirize kudiribula ndi manja onse awiri, kuponya lay-up (kuponya utathamanga n'kufika pansi pa ringi) mbali zonse, komanso kupatsira mnzawo n'kuthamangira ku ringi. A zaka 13 ndi 14 amene apambana mayeso a zalawa, yambani nawo. Onaninso mpira umene akugwiritsa ntchito. Mpira wa saizi 7 ndi wa amuna akuluakulu. Ana aang'ono amafunika saizi 5, okulirapo ndi atsikana saizi 6. Ndikudziwa kuti sukulu zambiri zili ndi mpira umodzi wokha umene wina anapereka, koma dziwani kuti mwana wamng'ono akamavutika kuponya saizi 7 pa ringi ya mamita 3.05, vuto si ulesi.

Tsopano za faulo. Malamulo a FIBA (bungwe loyendetsa basketball padziko lonse), amene timagwiritsa ntchito kuno, amanena momveka: pa nthawi imene womaka akugundana ndi sikirini, woiikayo akhale ataima osasuntha, mapazi onse awiri ali pansi. Ngati womakayo waima ndipo akukuona, ukhoza kumuyandikira mmene ungafunire bola osamukhudza. Ngati wabwera kumbuyo kwake kumene sakuona, umusiyire mpata wa sitepe imodzi. Ngati akuthamanga, umusiyire mpata woti athe kuima kapena kukhota, womwe ndi sitepe imodzi kapena ziwiri. Kutulutsa bondo, chigongono kapena chiuno kuti umukole mnzako ndi faulo, mpira umapita kwa adani, ndipo mafaulo akakwana 5 mwana watuluka. Oyimbira amene akuwaimbira ana anuwo akukuthandizani, musawakwiyire.

Ndimaphunzitsa kaimidwe popanda mpira. Mwana athamange masitepe asanu, adumphe pang'ono n'kutera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi, phokoso lake limveke, di! Mapazi atalikirane pang'ono kuposa mapewa, mawondo apindike, msana uwongoke. Atsikana apingase manja pachifuwa, anyamata agwire dzanja lina ndi linzake kutsogolo kwa chinena, zigongono zili m'thupi. Kenako ine ndimabwera n'kumukankha pang'ono paphewa. Akadzandira, sanakhale pansi mokwanira. Ndimawauza kuti akhale chitsa. Chitsa sichithamangitsa munthu, munthu ndiye amapunthwa pa chitsa.

Koma chitsa chikaima pamalo olakwika sichipunthwitsa aliyense, ndipo apa ndi pamene makochi ambiri amadumpha. Lamulo lake n'lapafupi: msana wa woika sikirini uloze kumene mnzake akufuna kupita. Akaima kutsogolo kwenikweni kwa womaka, womakayo amangozemba kumbali. Akaima msana utaloza ku mzere wa pakati pa bwalo, ndiye kuti akukankhira mnzake kutali ndi ringi. Ana ndimawauza kuti alunjike thumba la kumbuyo la kabudula wa womaka, kumbali imene mnzawo adutsire. Akatero, womaka sangadutse kunsi (pakati pa sikirini ndi ringi) mosavuta, amakakamizika kuzungulira pamwamba (mbali ya kutali ndi ringi), ndipo pomwepo watsalira kale ndi sitepe imodzi.

Komabe mafaulo ambiri a sikirini mwini wake weniweni si woiika, ndi wa mpira uja amene mwati amanyamuka msanga. Akanyamuka mnzake akadali m'njira, womaka amagundana ndi munthu amene akuyendabe, wezulo n'kulira. Ndinali ndi mnyamata wina wa ku Chibavi, wothamanga ngati mphepo, amene kudikira kunkamupweteka ngati wamuika pa mbaula. Akangoona mnzake akubwera, iye wapita kale, mnzakeyo n'kufika kumaika sikirini pa mphepo. Ndinamuikira lamulo loti phazi lake lisachoke pansi mpaka atamva "di!" wa nsapato za mnzake ndi mawu akuti "Pita!" Ana ena amakuwa kuti "Luta!" m'Chitumbuka, ndipo zili bwino, bola mawuwo akhale amodzimodzi tsiku lililonse. Akanyamuka asanamve, mpira ndinkaupereka ku timu inayo. Sabata yoyamba anatupa masaya. Sabata yachitatu ndinamuona ataugwira mpira m'chiuno, maso ali pa womaka, akudikira phee, ndipo atadutsa anapeza njira ili pululu mpaka ku ringi. Anacheuka kundiyang'ana ali mwee, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamukumbutsenso. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Muuzeni mwana kuti asaope kudikira: ngakhale womaka atamupanikiza pafupi, malamulo amamulola kugwira mpira masekondi 5, ndipo sikirini imafika m'masekondi awiri.

Kudikira kokha sikukwanira. Asanadutse, wa mpira ayambe wanamiza womaka ponyengezera kupita mbali inayo ndi phazi kapena ndi diribulo imodzi, kuti womakayo atsamire kumeneko. Podutsa, phewa lake likhule chiuno cha mnzake, pasatsale mpata ngakhale wodutsa mphaka. Ana amaopa kugundana, ndiye amazungulira kutali, womaka n'kulowa pakati pawo ngati palibe chachitika. Akadutsa, adiribule kawiri kapena kuposa, mutu uli m'mwamba. Diribulo imodzi n'kugwira mpira ndi tsoka, chifukwa omaka onse awiri amamupeza ataima pafupi ndi sikirini pomwepo.

Woika sikirini nayenso asaime n'kumaonerera. Womaka akangomugunda kapena akangodutsa, atembenuke mimba italoza kumene kuli mpira, athamangire ku ringi dzanja lili m'mwamba kusonyeza pamene akuufuna. Kumeneku ndiye kurola. Alipo makochi amene amaphunzitsa kungotembenukira mbali iliyonse yachangu n'kuthamanga, ndipo kwa akuluakulu zimagwira. Kwa ana ine ndimakonda kuti mpira usachoke m'maso mwawo, chifukwa mwana amene waupatsa msana mpira umamupeza kunkhongo. Pasi yopita kwa iye, yambani ndi yonjanjitsa pansi, yodutsa pakati pa omaka awiri pafupi ndi mapazi awo. Yapamwamba ibwere pambuyo, pakuti manja a ana sanalimbe ndipo mpira wolendewera m'malere umabedwa.

Tafika pa mtima wa nkhaniyi, womwe ndi kuwerenga omaka. Musawaunjikire ana zonse tsiku limodzi. Inuyo khalani womaka wa woika sikirini, ndipo sabata yoyamba muzichita zinthu ziwiri zokha. Nthawi zina mutsalire kumbuyo pafupi ndi worola: wa mpira apite yekha ku ringi. Nthawi zina mutuluke kudzatseka wa mpira: apatsire worola, amene watsala yekha. Basi. Musamuuziretu chimene muchite. Poyamba muzichita mochedwa ndi moonekeratu, kenako muzifulumira. Mwana akalakwitsa, musakuwe kuti "Bwanji sunapase?" Imitsani masewero, mumufunse kuti, "Ine ndinali pati?" Akayankha kuti sanakuoneni, mwapeza matenda ake, ndipo si a manja. Akayankha molondola koma anasankha molakwika, mufunseni kuti khomo linali kuti, mumulole alipeze yekha. Njira imeneyi imadya nthawi kuposa kungolamula, koma pa tsiku la mpikisano inu mudzakhala kunja kwa mzere, mwanayo adzakhala ndi maso ake okha.

Ziwirizi zikakhazikika, onjezani womaka wa wa mpira, asewere awiri kwa awiri, ndipo muzibweretsa zina chimodzichimodzi. Womaka akadutsa kunsi kwa sikirini, ndiye kuti wamupatsa wa mpira mpata woponya. Kwa akuluakulu yankho limakhala kuponya mapointi atatu, koma mzere umenewo uli pa mamita 6.75, ndipo mwana wa zaka 13 akamaukakamira amawononga kaponyedwe kake, amayamba kuukankha mpira kuchokera m'chiuno. N'chifukwa chake sikirini za ana ndimaziikitsa pafupi, chakumakona a mzere wa free throw (umene munthu amaimapo poponya akachitiridwa faulo), kuti womaka akadutsa kunsi mwana aponye pa mtunda umene angathe. Apo ayi, mnzakeyo atembenuke aikenso sikirini yachiwiri pafupi kwambiri ndi ringi. Omaka akasinthana, chomwe ana amachita kawirikawiri chifukwa n'chosavuta, worola amusunge kumsana womaka watsopanoyo n'kupempha mpira. Ngati wa mpira watsala ndi womaka wamtali koma wolemera miyendo, abwerere pang'ono n'kumudutsa ndi liwiro. Omaka onse awiri akamuunjirira wa mpira, asagwire mpira ndi mantha. Abwerere m'mbuyo akudiribulabe, ndipo worola asathamangire kutali, aime pa mzere wa free throw pamene pasi ingamufike. Ndipo womaka akachenjera n'kulumphira ku sikirini isanafike, wa mpira aikane, apite mbali inayo kumene kwatsala kopanda munthu. Chimenechi ana amachikonda kwambiri akachizindikira.

Za kuunjikana ngati nkhuku pa madeya, mankhwala ake ndi makala kapena choko. Bwalo la basketball ndi lotambalala mamita 15, koma ana amasewera ngati ndi la mamita 5. Jambulani timabwalo pansi, kamodzi pa kona iliyonse, kachitatu kumbali imene kulibe sikirini, ndipo atatu amene sali mu pick and roll aime m'menemo, atalikirane ndi masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi. Auzeni chifukwa chake, chifukwa mwana amene waima pa kona osadziwa cholinga amaganiza kuti mwamutaya. Worola akamathamangira ku ringi, womaka wachitatu amasiya munthu wake kuti akathandize, ndipo munthu wosiyidwayo ndi wa pa kona uja. Iyeyo ndiye amalandira mpira ali yekhayekha. Koma musathamangire asanu kwa asanu. Sewerani atatu kwa atatu pa ringi imodzi kwa milungu ingapo, pomwe mwana aliyense amakhudza mpira kambirimbiri ndipo palibe pobisala. Masewero amenewa, otchedwa 3x3, si ongopangira ana. Analowa mu Olympics ku Tokyo mu 2021, amaseweredwa pa theka la bwalo, ndipo timu imakhala ndi masekondi 12 okha kuti iponye. Kwa ife amene nthawi zambiri timakhala ndi ringi imodzi yabwino, inayo itapindika, ndi mphatso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, chifukwa ine ndinachilakwitsa. Zaka zapitazo ndinali ndi mtsikana wa zaka 12 amene anali wamtali kuposa anzake onse. Ndinamupatsa ntchito imodzi: aike sikirini, arole, atole mipira yobwerera. Tinkapambana, ndipo ndinkasangalala. Pofika zaka 16 anzake anali atamupeza msinkhu, iye anasiya kukula, ndipo sankatha kudiribula ngakhale kudutsa munthu mmodzi. Malo ake m'timu anatha, ndipo pang'onopang'ono anasiya kubwera ku bwalo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mpirawo ankaukonda, ndipo amene anamumana luso ndine. Simungadziwe kuti mwana wa zaka 12 adzatalika bwanji. Choncho pa maphunziro aliwonse azisinthana: wamtali agwire mpira, wamfupi aike sikirini. Mudzataya mipira yambiri poyamba, mwinanso masewero angapo. Lolani zitero.

Popeza anawo amakonda kuonera pa foni, athandizeni kusankha zoonera. Afufuze John Stockton ndi Karl Malone a timu ya Utah Jazz, amene anasewera limodzi kuyambira 1985 mpaka 2003 ndipo anafika mu fainolo ya NBA mu 1997 ndi 1998. Dziko lonse linkadziwa kuti asewera pick and roll, komabe kuwaletsa kunali kovuta. Stockton sanali chimphona, anali wa mamita 1.85, koma mpaka lero palibe amene wamuposa pa mapasi obala mabasiketi, omwe anakwana 15,806. Ana aonere kanema mmodzi katatu. Koyamba aonere mmene akufunira. Kachiwiri ayang'ane mapazi a Stockton okha, aone mmene amadikirira. Kachitatu asayang'ane mpira n'komwe, ayang'ane omaka awiri aja. Amasiku ano angaonere Nikola Jokić ndi Jamal Murray, amene anatenga chikho ndi Denver Nuggets mu 2023; pamenepo adzaona wamtali akugwira mpira ndi kupatsira ngati wamfupi, wamfupi n'kumamuikira sikirini wamtali.

Musaiwale omaka. Womaka wa woika sikirini ndiye amene akuona zonse, ndiye azikuwa msanga kuti "Sikirini kumanja!" kapena "Kumanzere!", potchula dzina la mnzake. Izi zimateteza basiketi, koma zimatetezanso thupi. Mabwalo athu ndi a simenti, ndipo mwana amene wagunda sikirini ali pa liwiro osaiona amagwa moipa. Ku Mzuzu kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo simenti yonyowa kapena ya ndere imaterera ngati sopo. Tsiku lotere musachite sikirini zothamanga, chitani za kaimidwe ndi mapasi pa khonde la kalasi. Ndipo ana anu azimaka munthu ndi munthu. Ndikudziwa kuti matimu ambiri a ana amaima mu zoni, pomwe aliyense amalonda dera lake m'malo momaka munthu, chifukwa imapambanitsa msanga pamene adani satha kuponya patali, koma mwana wa mu zoni saphunzira kumaka, ndipo anzake amene akuyeserera naye saphunzira kuwerenga. Ngakhale ku America, malangizo amene NBA ndi USA Basketball anatulutsa mu 2018 salola zoni kwa ana a zaka 11 kutsika m'munsi.

Pa nthawi, musapereke tsiku lonse ku pick and roll. Mwa ola limodzi ndi theka, mphindi 20 n'zokwana, kawiri pa sabata, zina zonse zipite ku kudiribula, kuponya ndi kusewera. M'miyezi ya June ndi July pamene mdima umagwa 6 koloko isanakwane ndipo ana a kutali ayenera kunyamuka kukadali kowala, ichiteni koyambirira maganizo awo akadali atsopano.

Lolemba likubwerali chitani izi. Yambani ndi mayeso a zala, muwagawe ana pawiri. Amene sanakonzeke muwapatse mwana wamkulu mmodzi awatsogolere kudiribula mbali ina ya bwalo. Otsalawo aphunzire "di!" kwa mphindi zisanu, inu mukuwakankha paphewa mmodzimmodzi. Kenako ikani chigubu cha madzi pa kona ya mzere wa free throw kuti chikhale womaka wa wa mpira, awiri awiri azibwera, wina aike sikirini pa chigubucho, wina adikire "Pita!" Inu imani kumbuyo kwa woika sikirini, nthawi zina mutsalire, nthawi zina mutuluke. Aliyense adutse kasanu ali ndi mpira, kasanu akuika sikirini, kumanja ndi kumanzere komwe. Chigubucho chichoke ikatha sabata, m'malo mwake mulowe mwana.